Mapazi Zana Limodzi ndi Anayi

"Zisiyeni nsapatozo, alamu, zingotilemetsera chikwama," anatero Mtchona kwa mkazi wa mkulu wake, iye ataima pakhomo, makiyi a galimoto yobwereka akulira m'dzanja lake. "Ine ndi achimwene phazi lathu ndi limodzi. Afunseni eni ake."

Eni akewo anali pampando wa ndalema pafupi ndi zenera, pomwe ankakhala tsiku lonse chiwagwereni sitiroko miyezi iwiri yapitayo. Mbali ya kumanja inali itafa, ndipo mawu awo ankatuluka ngati a munthu amene wavumata madzi m'kamwa. Ndi ndodo imene anaigwira kumanzere, ankakankha nsapato ziwiri zakale kuti zifike pamene panali chikwama cha mwana wawo. Zinali nsapato za nsalu, zoyera osati chifukwa chochapidwa koma chifukwa cha laimu, poti kwa zaka makumi awiri bambowa ndi amene ankalemba mizere pabwalo la sukulu ya sekondale.

"Akufuna apite nawo, ndi zomwe akunena," anatero Mtchona motsitsa mawu. Kenaka anawerama n'kukweza mawu ngati akulankhula ndi wogontha. "Lero ayi, achimwene. Pumani. Mendulo tikubweretserani pompano."

Mkulu wakeyo anapukusa mutu, n'kumenya ndodo pansi kawiri.

Mwanayo ankatchedwa Chiwala. Dzinalo anam'patsa ndi bambo ake ali ndi zaka zisanu, tsiku lomwe analumpha ngalande ya kutsogolo kwa nyumba atanyamula botolo la mafuta, osataya ngakhale dontho. Tsopano anali m'kalasi yomaliza ya sekondale, ndipo tsikuli kunali mpikisano wa sukulu zonse za m'chigawo. Pa masewera aliwonse ankatenga atatu oyamba okha. Mayina a atatuwo ndi amene ankalembedwa pa mndandanda wopita ku mpikisano wa dziko lonse, komwe amakoleji amabwera kudzasankha ana oti awaphunzitse. Wachinayi ankangomuwombera m'manja n'kumuuza kuti adzayesenso chaka chamawa. Chiwala analibe chaka chamawa.

Masewera ake anali kulumpha patali: kuthamanga m'kanjira, kuponda thabwa, n'kukagwera mumchenga. Zaka zinayi bambo ake anam'phunzitsa okha, ndipo pamalo poyambira kuthamanga ankapayeza okha, osati ndi tepi koma ndi mapazi. Ankayambira pathabwa n'kumabwerera m'mbuyo, chidendene kukhudza chala, chidendene kukhudza chala, mpaka mapazi zana limodzi ndi anayi. Pamenepo ankaikapo chitsekerero cha botolo. Chiwala akayambira pa chitsekererocho, mwendo wake wamanzere unkapeza thabwa wokha, ngakhale atatsinzina.

"Tinyamule basi, abambo aang'ono," anatero Chiwala akuyang'ana nsapatozo. "Sizilemera."

"Mwana wanga, ine ndi bambo akowa tinkavala nsapato imodzi. Imodzi yeniyeni, yampikisano, ya misomali kunsi. Iwo akalumpha m'mawa, ankandivulira ine n'kukathamangira masana. Phazi lawo ndi langali. Tiye, dzuwa silidikira."

Chiwala anayang'ana mayi ake. Mayiwo anali pakati pa kupukuta mankhwala omwe anatayika patebulo, ndipo anangoti, "Pitani, ine ndikupezani. Ndikudikira aneba abwere adzakhale ndi bambo ako." Mtsikanayo anagwada pambali pa mpando, n'kugwira dzanja lakufa lija, monga ankachitira m'mawa uliwonse, ngati kuti likhoza kumumva. Kenaka anatenga chikwama. Nsapato zinatsala pakati pa chipinda, imodzi itagwa chammbali.

Mtchona anali atangobwera milungu itatu yapitayo, patatha zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri ali kunja. Anachoka ali mnyamata wothamanga kuposa onse m'chigawocho pa liwiro lozungulira bwalo kawiri, atatengedwa ndi koleji ina ya kutsidya kwa nyanja. Kumeneko bondo linamukana m'chaka chachiwiri, ndipo zaka zotsalazo anazithera m'nyumba yosungiramo mabuku, akubwezera pashelefu mabuku omwe anthu ena anawerenga theka. Iye ankawamaliza. Makalata ake anayamba kuchepa, kenaka anasiyiratu. Maliro a mayi ake anawamvera pafoni. Atabwera, anthu a mumsewuwo sanavutike n'kukumbukira dzina lake, anangomutcha Mtchona, ndipo iye ankayankha. Tikiti yobwerera inali m'thumba la jekete, ya Lachinayi likudzalo.

Mumsewu ankayendetsa akudandaula. Apa panali mitengo ya mthunzi mzere wonse, aidula kuti aikepo zikwangwani zotsatsa mafoni. Apo panali laibulale, tsopano akugulitsapo matayala. Tauni yonse, iye anati, inali ngati munthu amene wagulitsa mano ake kuti agule chipewa.

"Abambo aang'ono, njira si imeneyi," anatero Chiwala. "Basi yasukulu imakhotera kumanzere paja."

"Basi imazungulira. Ine bwalo limeneli ndinalithamangapo iwe usanaganiziridwe n'komwe."

Anakhota kumanja, anadutsa njanji, n'kukaima pamalo oimikapo magalimoto kutsogolo kwa sitolo yaikulu ya magalasi okhaokha. Mtchona anatsika n'kuyang'ana uku ndi uku. Pansi pa ambulera panali bambo wokonza njinga.

"Pepani akulu, bwalo la masewera lili pati?"

"Lakale kapena latsopano?"

"Bwalo. Lomwe lili ndi mpanda wa malata ndi mtengo waukulu pakona."

Wokonza njingayo anaseka, sipanala ili m'kamwa. Anaichotsa. "Mwaliponda, bwana. Pamene mwaimika galimotopo ndi pomwe ankamalizira liwiro. Latsopano lili kutsidya kwa mtsinje. Kodi munali kundende?"

Mtchona anayang'ana phula lomwe linali pansi pa nsapato zake. Panali banga la oyilo ndi chikwatu cha switi. Anabwerera m'galimoto, ndipo Chiwala, yemwe anali mwana woleredwa bwino, sananene kuti safunsa anadya phula. Anangoloza njira ndi chala pa mphambano iliyonse.

Atafika, bwalo linali litadzaza kale. Ana abwino kwambiri a chigawo chonse anali pamenepo, aliyense ndi mtundu wa malaya a sukulu yake. Anyamata a liwiro lalifupi ankadzimenya ntchafu ngati akudzutsa nyama yogona. Mtsikana wina wa mapewa otambalala ankazungulira yekha pakona atapanira chitsulo pakhosi. Wolengeza ankatchula mayina ndi masekondi, ndipo chimkuzamawu chinkameza theka la dzina lililonse. Kumbali kwa dzenje la mchenga atsikana khumi ndi awiri anali atamaliza kale kuyeserera. Nthawi yoyesa kanjira inali itatha.

Pathabwa panakhala mphunzitsi wina wa imvi, atagwira mbendera ziwiri, yoyera ndi yofiira. Atakweza maso n'kuona Mtchona, anaika mbendera zonse pamwendo.

"Taonani zimene mphepo yatibweretsera! Iwe, si tinakulira kale iwe?"

"Ndiwe kodi? Wakalamba bwanji chonchi?"

"Ine ndakalambira pamaso pa anthu. Iwe wakalambira kobisala ngati dzungu." Anagwirana manja kwa nthawi yaitali. Mphunzitsiyu anali mnzawo wa pasukulu, yemwe pa liwiro lililonse ankamaliza wachisanu. "Akulu ako ali bwanji? Mizere ya chaka chino tayiona, yakhota ngati njoka yodwala. Ndiye mwachedwa naye mwanayu. Ikani chizindikiro chake msanga, tikuyamba."

Mtchona anavula jekete n'kumupatsa Chiwala. Anaima pathabwa ndi nsapato zake zachikopa zakunja zija, n'kuyamba kubwerera m'mbuyo, chidendene kukhudza chala. Ankawerenga mosamala, lilime lili pakati pa mano. Sanalakwitse ngakhale phazi limodzi. Atafika pa zana limodzi ndi anayi anaika chitsekerero cha botolo paudzu, m'mphepete mwa kanjira, n'kuchipondereza ndi chala chachikulu.

Chiwala anaima pamenepo n'kuyang'ana kutsogolo. Anasuzumira ngati munthu amene walowa m'nyumba mwake n'kupeza kuti mipando yasunthidwa.

"Thabwa likuoneka patali, abambo aang'ono."

"Tsiku la mpikisano chilichonse chimaoneka patali. Ndi mtima umenewo. Puma mpweya."

Woyamba kulumpha anali mtsikana wamtali wa kusukulu yogonera komweko, yemwe anzake ankamutcha Nyamalikiti. Anali ndi mphunzitsi wakewake wa wotchi pakhosi, ndipo chizindikiro chake chinali choyezedwa ndi tepi. Anagwera kutali, mamita asanu ndi theka, n'kudzuka akudzikuntha mchenga ngati palibe chachitika. Ena anatsatira. Chiwala anali wachisanu ndi chinayi.

Anayamba monga mwa masiku onse, kugwedezeka kawiri kenaka n'kuthamanga. Miyendo inawerenga yokha masitepe omwe inkawadziwa, ndipo pa sitepe yomaliza mwendo wamanzere unamenya pansi n'kumuponya m'mwamba. Koma thabwa linali lisanafike. Linali patsogolo pake, kutali ndithu. Anagwera kumayambiriro kwa mchenga, ndipo popeza muyezo umayambira pathabwa, mtunda wonse umene analumpha asanalifike unangotayika. Mbendera inali yoyera, koma tepi inati mamita osakwana anayi. Pabwalo lakwawo ankapitirira asanu atangodzuka kumene.

"Wachita changu kudumpha," anatero Mtchona atam'peza. "Waliopa thabwa. Lithamangire, lisakuopseze. Ndi mtengo chabe."

Chiwala anagwedeza mutu. Ulendo wachiwiri analithamangiradi. Ataona kuti masitepe ake atha thabwa lisanafike, anawonjezera ena, aafupiafupi ngati a munthu wotsika masitepe mumdima, ndipo phazi linakatera kupitirira mzere. Mphunzitsi wa imvi uja anayang'ana pansi, anapumira m'mwamba, n'kukweza mbendera yofiira pang'onopang'ono ngati ikulemera.

Unatsala mwayi umodzi. Pa pepala la zotsatira Chiwala anali womaliza.

Anakakhala paudzu n'kumasula zingwe za nsapato zake, kenaka n'kuzimanganso. Mtchona anaima pambali pake, manja ali m'chiuno.

"Nthawi yathu tinalibe zonsezi," anayamba. "Kanjira kanali ka phulusa la malasha. Ukagwa unkatuluka magazi akuda. Koma mantha tinkawasiya kunyumba. Ana a masiku ano muli ndi..."

"Adadi sanandiuzepo kuti ndili ndi mantha," anatero Chiwala osakweza mutu. Sanalankhule mwamwano. Anangonena ngati akuwerenga zolembedwa pakhoma. "Ndikalakwitsa ankapita kukayang'ana pamene phazi langa laponda. Kenaka ankandiuza."

Mabuku onse omwe Mtchona anawamaliza m'zaka zija analibe chiganizo choyankhira mwana ameneyu.

Mpikisano unaima pang'ono kuti athire madzi mumchenga ndi kuusalaza. Ndi nthawi imeneyo pamene mayi a Chiwala anatulukira pakati pa anthu, thukuta lili kamukamu, atanyamula jumbo yakuda pachifuwa.

"Zatha?" anafunsa akupumira m'mwamba.

"Watsala ulendo umodzi," anatero Mtchona. "Sizikuyenda, alamu. Mtima wamuthawa."

"Bambo ako andigwira nsalu," anatero mayiwo kwa Chiwala, ngati sanamve. "Dzanja limodzi lomwelo, koma ngati mbano. Aneba afika, ine ndikuti ndizipita, iwo ayi. Ndati mukufuna madzi? Ayi. Mukufuna kubafa? Ayi. Mpaka nditazitola izi n'kuziika m'jumbo, ndiye andisiya. Ndakwera nazo mabasi awiri ngati wamisala."

Anakhuthula jumboyo. Nsapato zoyera ndi laimu zija zinagwa paudzu.

"Alamu, ndanena kale," anatero Mtchona motopa. "Taonani, ndikuonetseni kuti mtima ukhale pansi." Anakhala paudzu, anavula nsapato yake yachikopa, n'kulowetsa phazi mu ya mkulu wake. Zala zinalowa. Chidendene chinakana. Anakoka kumbuyo ndi chala, anagwedeza, anakankha. Chidendene chinatsala panja ngati mlendo wosaitanidwa.

"Yafota ndi laimu," anatero.

"Nsapato imeneyo anaivala m'mawa wa tsiku lomwe anagwa," anatero mayi a Chiwala.

Mtchona anaitenga n'kuigunditsa ndi yake, pansi ndi pansi, zidendene zitalingana. Yake inapitirira ndi chala chimodzi chopingasa. Anaziyang'ana kwa kanthawi. Chala chimodzi si kanthu. Koma chala chimodzi kuchiwerenga ka zana limodzi ndi kanayi ndi msinkhu wa munthu atagona pansi. Anatembenuka kuyang'ana chitsekerero chake chija, chili phee paudzu pomwe anachipondereza ndi chidaliro chonse.

"Sizingatheke," anatero. "Tinkavala nsapato imodzi. Amayi anatigulira imodzi, ndipo inkatikwana tonse."

"Inkakukwana iweyo."

Anali mphunzitsi wa imvi uja, yemwe anabwera kudzamwa madzi pamthunzi, mbendera zili m'khwapa.

"Amayi ako anatuma akulu ako kusitolo, poti ndiwo anali aakulu. Ine ndinawaperekeza. Anayesa yowakwana, anayenda nayo m'sitolo monse akumwetulira, kenaka anaivula n'kunena kuti, 'Ndipatseni yokulirapo. Phazi laling'ono limalowa mu nsapato yaikulu, koma lalikulu sililowa mu yaing'ono.' Kutsogoloko ankaikamo nyuzipepala. Asanakupatse masana ankaichotsa kuseri kwa chimbudzi. Timu yonse inkadziwa."

"Ine sindinkadziwa."

"Iwe unkathamanga kwambiri, mnzanga. Wothamanga saona za m'mbali." Mphunzitsiyo anamwa madzi. "Tsiku lomwe anthu akunja aja anabwera kudzasankha, kunagwa mvula m'mawa. Nyuzipepala inanyowa. Akulu ako anaterereka m'kati mwa nsapato katatu konse, pathabwa penipeni. Anamaliza achinayi. Masana iwe unapambana."

Mtchona ankalikumbukira tsikulo. Kwa zaka zonsezi ankalisunga ngati chithunzi m'chikwama: fungo la phulusa lonyowa, anthu akukuwa, mkulu wake akumupatsa nsapato n'kunena kuti, "Ndakutenthetsera." Ankakumbukiranso kuti m'katimo munali kachidutswa ka pepala konyowa komwe kanam'mata kuchala, ndipo anakataya osaganiza kanthu.

"Alamu, inu munkadziwa?"

"Anandiuza tili pachibwenzi, akuseka. Anati ndisadzakuuzeni, mungadzalephere kudya bwino kunjako." Mayiwo anapukuta nkhope ndi nsonga ya nsalu. "Koma zakalezo zisiyeni, alamu. Madzi akatayika saoleka. Mwana ndi uyu."

Wosalaza mchenga anali atatsala pang'ono kumaliza. Mtchona anaimirira, phazi limodzi lili m'sokosi.

"Ndiloleni ndiyezenso."

"M'kanjira simulowa munthu mpikisano ukayamba," anatero mphunzitsiyo. "Lamulo ndi lamulo." Anatseka botolo lake, n'kuyang'ana kumwamba ngati akufufuza mvula. "Koma udzu wa m'mbaliwu si wanga. Ndipo mwanayu ndi wachisanu ndi chinayi. Ine ndikamakalamba ndimachedwa kukweza mbendera."

"Ndivale ine, abambo aang'ono?" anafunsa Chiwala.

"Iwe khala pansi, sunga miyendo. Ntchito iyi ndi yanga."

Kuzivala sakanatha. Anatenga nsapato imodzi kudzanja lililonse, anapita m'mbali mwa thabwa, n'kugwada paudzu wonyowa ndi buluku lake lakunja lija. Anaika yamanzere pansi, chidendene chitalingana ndi mzere. Anaika yamanja patsogolo pake, chidendene kukhudza chala. Ananyamula yoyamba ija n'kuiika patsogolo pa yachiwiri. Kenaka anakwawa.

"Limodzi. Awiri. Atatu."

Anthu a pamipando yapafupi anayamba kuseka. "Agogo ataya ndalama!" anakuwa mnyamata wina. "Ayi, akuphunzitsa nsapato kuyenda!" anayankha mnzake. Mtchona sanamve. Bondo lomwe linamukana zaka zija linkalira pa kukwawa kulikonse. Pambali pake atsikana ankadutsa mmodzimmodzi ngati mphepo, kupita kukalumpha ulendo wawo womaliza, ndipo timiyala tinkamuthovukira kumaso. Kuchokera pansipo, nsapatozo zinkaoneka ngati zikuyenda zokha, ngati mwini wake wabwera ndithu kudzayezera mwana wake, kungoti thupi walisiya kunyumba.

Atafika pa makumi asanu mpweya unam'chepera ndipo anaima, atagwira nsapato m'mwamba.

"Makumi asanu ndi limodzi," anatero mawu ena pamwamba pake. Anali Nyamalikiti, yemwe anali atalumpha kale ndipo malo ake oyamba anali otsimikizika. Anali atavala juzi, akuyenda pambali pake manja ali kumbuyo. "Musaime, bambo, mungasokoneze. Ine ndikuwerengerani."

"Ukuthandiza mdani wako?"

"Chaka chatha anandiposa ndi zala ziwiri. Ndikufuna ndimupose ali bwinobwino, osati chonchi."

Anapitiriza kuwerenga onse awiri. Pofika pa makumi asanu ndi atatu, atsikana enanso atatu omwe anali atamaliza anali atalowa nawo, ndipo anyamata aja anali atasiya kuseka. Mayi a Chiwala ankatsatira pambuyo atanyamula nsapato yachikopa ija ngati mwana wa eni.

"Zana limodzi ndi awiri. Zana limodzi ndi atatu. Zana limodzi ndi anayi!"

Mtchona anakweza mutu. Chitsekerero chake chinali kutsogolo, kutali koti munthu akhoza kugona pakatipo. Anakwawa kukachitenga, anabwerera, n'kuchiika kunsonga kwa nsapato ya mkulu wake. Sanachipondereze mwamphamvu ulendo uno.

Chiwala anabwera n'kuima pamenepo. Anayang'ana kutsogolo, ndipo mapewa ake anatsika.

"Ndi pamenepa," anatero.

"Mwana wanga, sunali ndi mantha. Wolakwa ndine."

"Ndamva, abambo aang'ono. Tadzukani, anthu akukuonani."

"Sindingathe. Bondo."

Mtsikanayo anaseka, koyamba tsiku limenelo. Dzina lake linaitanidwa kusekako kusanathe.

Mtchona anaonera ali chogwada. Anamuona akugwedezeka kawiri, n'kuchoka. Kuchokera kumbuyo sankatha kuona thabwa, ankangoona msana ukuchepa ndi zigongono zikupalasa. Koma anamva. Thabwa likapondedwa pakati penipeni limalira mosiyana ndi nthaka, limati phwa! ngati chitseko chotsekedwa ndi munthu wodziwa kumene akupita. Kulira kumeneko anali atakuiwala kwa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri. Patali, mbendera yoyera inakwera, ndipo ulendo uno sinachedwe.

Anayeza kawiri, chifukwa panali pafupi. Mamita asanu ndi masentimita makumi awiri ndi limodzi. Atatu otsalawo atalumpha, wolengeza anameza theka la dzina lake monga ankachitira ndi ena onse, koma nambala inamveka: wachitatu. Wachinayi anatsala m'mbuyo ndi masentimita awiri. Mtchona anamuona mtsikana wachinayiyo akuvala juzi yekha kumapeto kwa benchi, ndipo anam'yang'ana nthawi yaitali kuposa mmene anayang'anira mendulo.

Anafika kunyumba dzuwa likadalipo. Aneba anatsanzika pakhomo akunena kuti wodwala wakana kudya ndi kugona, wangokhalira kuyang'ana msewu. Chiwala anathamanga n'kukawaveka bambo ake mendulo m'khosi, akulankhula zinthu zitatu nthawi imodzi. Iwo anaigwira ndi dzanja lamanzere, anaitembenuza, koma maso awo anali atapita kale kwina. Ankayang'ana mawondo a mng'ono wawo, omwe anali obiriwira ndi udzu, kwinaku oyera ndi laimu, ndipo pa limodzi buluku litang'ambika. Kenaka anayang'ana nsapato zomwe zinali m'manja mwake. Theka la nkhope yawo lomwe linkagwira ntchito linayamba kugwedezeka. Ankaseka.

"Sekani, achimwene," anatero Mtchona. "Bwalo lonse laseka kale, mwatsala inu."

Anagwadanso, movutikira, patsogolo pa mpando wa ndalema uja.

"Bwanji simunandiuze?"

Mkulu wakeyo anasiya mendulo. Anakweza dzanja, n'kuonetsa kampata kakang'ono pakati pa chala chachikulu ndi chamkombaphala, kenaka anakupiza dzanjalo ngati akuingitsa ntchentche. Kanthu kakang'ono. Iwalako.

"Kakang'ono mukakawerenga kamodzi," anatero Mtchona.

Mayi a Chiwala anali akupachika jekete ya mlamu wawo kuseri kwa chitseko pamene tikiti inasuzumira m'thumba. "Iyi musaiiwale Lachinayi," anatero. "Ndikuikireni pati?"

"Mpikisano wa dziko lonse uli liti?"

"Masabata asanu akubwerawa," anayankha Chiwala.

"Iikeni m'kabati, alamu, pansi pa mbale zomwe simugwiritsa ntchito. Ine mawondo anga sangapirirenso ntchito ya lero. Mwini mapazi akayeze yekha."

Anatenga phazi lamanzere la mkulu wake n'kuliveka nsapato. Linalowa bwinobwino, ngati kalata mu envelopu yake. Lamanja, lakufa lija, linali lolemera ndi lozizira, ndipo analigwira m'manja onse awiri kwa kanthawi asanaliveke. Anamanga zingwe. Kenaka analowetsa phewa lake m'khwapa mwa mkulu wakeyo, mayi a Chiwala anagwira mbali inayo, ndipo atatuwo anadzuka pamodzi, akunjenjemera ngati tebulo la miyendo yosalingana.

"A dokotala anati pang'onopang'ono," anachenjeza mayiwo.

"Sitikuthamangira kwina."

Bambo a Chiwala anayang'ana pansi. Nsagwada zinalimba, mtsempha unatuluka pakhosi. Nsapato yamanja inakwekwereza pasimenti, inaima, inakwekwerezanso, mpaka chidendene chake chinakagunda chala cha inzake, n'kusiya kamzere koyera ka laimu pansi.

Chiwala anali atakhala pansi pafupi ndi khomo, chibwano chili pamawondo.

"Limodzi," anatero. "Atsala zana limodzi ndi atatu."